Nkhokwe ya M'thumba

Kale mlendo akafika pamudzi sankafunsa ngati eni khomo ali ndi chakudya. Ankangoponya maso pankhokwe. Ikakhala yolukidwa bwino, yofoleredwa ndi udzu watsopano, itakhazikidwa pamiyala kuti chiswe chisakwere, ankadziwa kuti pano pali munthu woganiza za mawa. Masiku ano nkhokwe zasowa m'midzi yambiri kuno ku Phalombe. Chimanga timangotonola, kuthira mankhwala, n'kuchisunga m'matumba kuchipinda poopa akuba. Koma kwabwera nkhokwe ya mtundu wina, yaing'ono ngati chala, imene timayenda nayo m'thumba la malaya kapena kuimangirira pamodzi ndi makiyi. M'menemo timasungamo makalata a ntchito, zithunzi za ana, nyimbo, ndipo ife okonda kulembafe, nthano ndi ndakatulo zathu. Chodabwitsa n'chakuti munthu yemweyo amene sangagule thumba la chimanga asanapisemo dzanja kuti aone ngati muli anankafumbwe, amagula nkhokwe yatsopanoyi atangofunsa mafunso awiri: ndi yaikulu bwanji, nanga ndi ndalama zingati? Funso lachitatu, loti tsiku limene idzafe zanga zidzakhala zili kuti, ndi ochepa amene amalifunsa.

Ine ndine kalaliki m'boma, ndipo zaka zambiri za ntchito yanga ndazithera kuno ku Chiringa, kuseri kwa phiri la Michesi, kufupi ndi malire a dziko la Mozambique. Pamene ndinkayamba ntchito mu 2003, boma la Phalombe linali lidakali khanda, pakuti lidapatuka ku Mulanje mu 1998. Malipoti tinkalemba pamakina otayipira, titasanja mapepala atatu ndi kaboni pakati pake. Pepala lapamwamba linkapita kuboma, lachiwiri m'fayilo, lachitatu, lija losaoneka bwino, linkatsala m'dirowa ya wolemba. Palibe ankati kumeneko n'kusamala. Ndi mmene ntchito inkagwiridwira basi. Koma taganizani: chikalata chilichonse chinkabadwa chili ndi abale ake awiri, ndipo abalewo sankagona nyumba imodzi.

Makompyuta atayamba kufika m'maofesi, chosungira choyamba chimene tidachidziwa chinali fulope, kachimbale kopyapyala kotsekeredwa m'pulasitiki wangodya zinayi. Kankasunga 1.44 MB, kutanthauza kuti chithunzi chimodzi chojambulidwa ndi foni yamasiku ano sichikadakwanamo. Fulope inkadana ndi fumbi, inkadana ndi chinyontho, inkadananso ndi dzuwa la Okutobala. Munthu unkatha kupalasa njinga kuchoka kuno mpaka kuboma, thukuta lili kamukamu, n'kukapeza kompyuta ikukana kuwerenga. Chifukwa cha chimenechi aliyense ankanyamula mafulope awiri, pepala lenilenilo lili m'chikwama. Popeza tinkadziwa kuti ndi osadalirika, mafulope sankatipweteka kwenikweni. Galu wodziwika kuti amaluma anthu amamulambalala. Amene amapweteka mwana ndi uja aliyense amati ngwofatsa.

Kenaka kudabwera ma CD osunga 700 MB, kudabwera ma DVD a 4.7 GB, kudabweranso fulashi, yopanda chozungulira m'kati, yosaopa fumbi ngati fulope. Kukula kwa zinthu zimenezi n'kodabwitsa ndithu. Hadi disiki yoyamba, imene kampani ya IBM idatulutsa ku America mu 1956, inali yaikulu ngati mafiriji awiri, yolemera pafupifupi tani imodzi, koma inkangosunga zilembo 5 miliyoni. Lero kamemori khadi kochepa ngati chikhadabo kamasunga mabuku ochuluka kuposa amene munthu angawerenge moyo wake wonse. Koma pamene nkhokwe zinkakula ndi kulimba, ife tidayamba kuzikhulupirira. Tidasiya mapepala atatu aja, tidasiya mafulope awiri aja, n'kukokolola zonse kuthira pamalo amodzi.

Kompyuta yangayanga ndidagula mu Disembala 2011, nditasunga ndalama kwa zaka ziwiri ndi kuonjezera ngongole ya ku SACCO. Chinali chaka chowawa. Mafuta a galimoto ankasowa, ndalama zakunja zinkasowa, ndipo ulendo wa ku Limbe unkadalira ngati minibasi yapeza dizilo. Pamwamba pa izo, mu Okutobala chaka chomwecho madzi adasefukira ku Thailand n'kumiza mafakitale, ena mwa iwo a kampani ya Western Digital, amene ankapanga gawo lalikulu la mahadi disiki a dziko lonse lapansi. Mitengo idakwera kulikonse, mwina kuwirikiza. Ndidaseka ndekha wogulitsa wina atandiuza zimenezi. Ife a ku Phalombe madzi osefukira timawadziwa bwino, koma sindinkayembekeza kuti madzi a ku Asia angalowe m'thumba la kalaliki wa ku Chiringa.

Safunsa adadya phula. Ndidatengana ndi mphwanga, mwana wa achemwali anga, amene panthawiyo ankaphunzira zokonza makompyuta ku Blantyre. Yatsopano sitidaiyang'ane n'komwe. Tidalunjika m'mashopu a makompyuta a kaunjika, aja ochokera m'maofesi a ku Ulaya, ku America ndi ku South Africa. Anali atasanjidwa mpaka kudenga, a Dell ndi a HP, onse atapukutidwa mpaka kunyezimira. Ine maso anga adakodwa ndi ina yakuda bwino, koma mnyamatayo adandigwira mkono.

"Amalume, musayang'ane bokosi. Bokosi silisunga kanthu. Tiyeni atitsegulire."

"Abwana, zimenezi n'zoyesedwa kale. Mukuonanso nokha kuti ikuyaka," adatero wogulitsa, nkhope itayamba kugwa.

"Ngakhale nkhuku yodwala chitopa imadzuka m'mawa," adayankha mphwanga. "Tingoona m'kati, tikakhutira tigula."

Zimene adachita m'shopumo ndazisunga mpaka lero, ndipo ndazichitirapo anzanga ambiri. Poyamba adayang'ana kumbuyo, pamene pamalowa chingwe cha magetsi. Makompyuta ena akale, makamaka ochokera ku America, ali ndi kaswitchi kofiira kolembedwa 115 mbali ina ndi 230 mbali inayo. Magetsi athu kuno ndi a 230. Ukalumikiza kali pa 115, umangomva phu! n'kuona utsi. Kenaka adatsegula bokosi n'kuyang'ana timigolo ting'onoting'ono tapabolodi ngati tili totupa kapena totuluka dzimbiri. Adazula RAM, kaja kamene kompyuta imayalapo ntchito yomwe ikugwira nthawi imeneyo, n'kundionetsa kampata kake. Adati mitundu yake, DDR2 ndi DDR3, mipata yake siifanana, choncho wofuna kuonjezera azinyamula yakaleyo popita kukagula, asamangotuma munthu. Kandimverere adakanena za m'maluwa.

Pomaliza adatulutsa fulashi yake momwe munali kapulogalamu kotchedwa CrystalDiskInfo. Hadi disiki iliyonse imalemba yokha mbiri ya moyo wake: maola amene yagwira ntchito, kangati yayatsidwa, ndi malo angati m'kati mwake amene aonongeka. Kapulogalamuko kamangowerenga mbiriyo. Kompyuta yakuda bwino ija disiki yake inali itazungulira maola oposa 26,000, zomwe ndi zaka zitatu usana ndi usiku osapuma, ndipo chenjezo lachikasu linali litayaka. Ina yokalikakalika pambali pake, ya 160 GB, inali isanafike n'theka lomwe la maola amenewo. Tidatenga yokalikayo. Ndidapempha lisiti yolembedwa nambala ya makinawo ndi masiku amene ndingabweze ikavuta. Wogulitsa adang'ung'udza, koma adalemba. Mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Titafika nayo kunyumba kwa achemwali usiku umenewo, tidapeza kuti m'disikimo mudakali zinthu za mwini wake wakale. Munali zithunzi za banja lina lachizungu, mwana akuzimitsa makandulo pakeke, nkhalamba ili pampando wa m'chipatala, ndi makalata a kubanki. Mphwanga adafufuta zonse n'kuikamo Windows yatsopano, koma ine nkhalamba ija idandikhala m'maso masiku angapo. Eni ake ankaganiza kuti ataya makina, osadziwa kuti atumiza moyo wawo kutsidya kwa nyanja. Kuyambira pamenepo ndimauza aliyense wogulitsa foni kapena laputopu yake kuti kungofufuta fayilo sikuichotsa. Kuli ngati kuzula chikwangwani panyumba, nyumbayo ili chiimire. Disiki iyenera kupukutidwa yonse ndi munthu wodziwa, ndipo ngati yafa, ndi bwino kuiboola ndi msomali musanaitaye.

Ulendo wobwerera, kudzera ku Chiradzulu ndi ku Migowi, kompyutayo ndidaifungatira pamiyendo nditaikulunga m'bulangete, kondakitala akuumirira kuti ipite kubuti pamodzi ndi matumba a feteleza. Ndidalipira mpando wachiwiri. M'kati mwa hadi disiki muli timbale tozungulira ka 5,400 kapena ka 7,200 pamphindi imodzi, ndipo kamutu kowerenga kamayandama pamwamba pake pampata wochepa kwambiri kuposa kunenepa kwa tsitsi. Kugunda kumodzi kwamphamvu, makamaka ikuzungulira, kamutuko kamakanda mbale, ndipo pokandikapo pamapita ndi zonse zinali pamenepo. Ndi chifukwa chake disiki ya m'manja ikagwa patebulo ili yolumikizidwa, kawirikawiri siidzukanso.

Kugula ndi tsiku limodzi, kusunga ndi tsiku lililonse. Kuno adani a kompyuta ndi anayi. Woyamba ndi fumbi la chilimwe, limene limatseka mafani mpaka makina kutentha n'kuzima okha. Kamodzi pamiyezi ingapo ndimatsegula n'kupemerera ndi pampu ya njinga. Wachiwiri ndi tizilombo, nyerere ndi mphemvu, zokonda pofunda. Wachitatu ndi magetsi. Kuzima kwake n'kovuta, koma koopsa kwambiri ndi kubwera kwake, pamene amafika mwamphamvu ngati ng'ombe yothawa m'khola. Ndipo mitambo ikada pa Michesi, ziphaliwali zikayamba, ine ndimazula zingwe zonse kukhoma osadalira switchi. Ndidagulanso UPS, kabokosi ka batire kamene kamakupatsa mphindi zochepa zoti usunge ntchito n'kuzimitsa bwinobwino. Mdani wachinayi ndi fulashi ya mnzako. Imene yadutsa m'malo obenera nyimbo ndi m'mashopu osindikizira imabwera ndi mavayirasi, makamaka uja wobisa mafayilo n'kusiya zithunzithunzi zake zokha. Ine ndili ndi fulashi imodzi yoyendayenda, ya kukasindikiza, ndipo yosungira siituluka pakhomo.

Tsono nkhani ya fulashi ndiyo idandiphunzitsa kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mnzanga wina wachikulire, mphunzitsi wamkulu pasukulu ina yapulaimale m'dera lino, ankapuma pantchito mu 2018. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi adakhala akulemba mbiri ya sukulu yakeyo ndi midzi yozungulira, akuyenda kwa nkhalamba, akujambula zithunzi za makalata akale a mafumu ndi a mishoni. Zonsezi zinali m'kompyuta ya kuofesi. Atatsala masiku ochepa kuti apereke makiyi, adagula fulashi ya 64 GB kwa venda wina m'tauni, pamtengo umene m'shopu ukadangogula ya 8 GB. Inali m'paketi yomata bwino, yolembedwa dzina la kampani yotchuka. Adasamutsira zonse m'menemo, adaona maina a mafayilo ali ndandanda, mtima udakhala pansi. Wolowa m'malo mwawo adaitana wokonza kuti ayeretse kompyutayo.

Patatha mwezi adafika kwathu madzulo, chipewa chili m'manja.

"Akalaliki, tandionerani kanthu aka. Maina akuoneka, koma ndikatsegula mukungotuluka zilembo zachilendo."

"Aphunzitsi, kodi kwina kumene mudasungako kuliko?"

"Kwinanso kuti, mwana wanga? Si ndidagulira zimenezo kanthuka?"

Tidayesa usiku wonse. Loweruka lake tidaitumiza kwa mphwanga ku Blantyre, amene adapulumutsa zithunzi zochepa ndi mitu iwiri ya bukulo. Zina zonse kunalibe, ndipo sikuti zidafufutika: sizidalembedwemo n'komwe. M'fulashi muli kachipangizo kamene kamauza kompyuta kukula kwake. Akathyali amatenga fulashi ya 4 GB kapena 8 GB n'kukaphunzitsa kachipangizoko kunama kuti ndi 64 GB. Malo enieniwo akadzaza, zotsatira zimangotayika kapena kupondereza zoyamba, pamene maina akuonekabe bwinobwino. Lili ngati thumba lobooka pansi, loimikidwa pamwamba pa dzenje: iwe ukuthira, ukuona kukamwa kwake kuli chimanga, osadziwa kuti zokolola zikupita kunsi. Atatu mwa nkhalamba zimene aphunzitsi adacheza nazo anali atamwalira kale. Madzi akatayika saoleka. Bambo uja, amene adakwapulapo theka la amuna a m'dera lino ali ana, adakhala pakhonde langa osayankhula mpaka tiyi adazizira.

Pali njira yodziwira. Fulashi kapena memori khadi yatsopano iyenera kuyesedwa isanapatsidwe kanthu kofunika. Kapulogalamu kaulere kotchedwa H2testw kamadzaza fulashi yonse n'kuwerenganso, ndipo kamanena malo enieni amene alimo. Wopanda kapulogalamuko angathe kuidzaza ndi mafilimu mpaka pakamwa, kuizula, kuilumikizanso, n'kutsegula oyamba, apakati ndi omaliza. Koma tisasokoneze bodza limeneli ndi kuchepa kwina kumene kuli kwachilungamo. Disiki yolembedwa 500 GB imaoneka 465 GB pakompyuta, ndipo ya 1 TB imaoneka 931 GB. Apa palibe wakuba: opanga amawerenga m'magulu a 1,000 pamene Windows imawerenga m'magulu a 1,024. Ndaonapo munthu akufuna kumenya wogulitsa wosalakwa chifukwa cha 35 GB imeneyi, m'thumba mwake muli fulashi yabodza imene amaitamanda kuti adaipeza motchipa.

Mwina wina afunsa kuti kalaliki wamba ali ndi chiyani choti n'kudera nacho nkhawa chotere. Ndili ndi nthano zanga, zina zidatulukapo m'nyuzipepala, zambiri zikudikira. Koma chuma chenicheni si changa. Pakati pa 2012 ndi 2014 ndinkapita kwa anganga, amayi awo a mayi anga, Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, n'kuika foni pamphasa. Ankayankhula Chilomwe chenicheni, chimene ine ndimangomva koma lilime limakana, ndipo ana anga sachimva n'komwe. Adasimba mmene makolo awo adaolokera kuchoka ku Mozambique, za thangata m'minda ya azungu, za njala ya 1949 imene idawapeza ali mtsikana, ndi za Napolo wa mu Malichi 1991, pamene madzi ndi miyala zidatsika m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana. Adatchula maina a mitsinje, a mankhwala a m'tchire, a azibale amene manda awo palibe akuwadziwa. Zonse pamodzi ndi maola 19. Anganga adatisiya mu 2016. Kompyuta ndingagule ina. Mawu amenewo kulibe shopu imene imagulitsa.

Nzeru ya kasungidwe kake adandipatsa ndi eni mawuwo. Tsiku lina adandifunsa kuti mawu awo akupita kuti akalowa m'kafoniko. Nditawaonetsa memori khadi, adaitembenuza pachikhatho n'kupukusa mutu.

"Mbewu yonse m'kamodzi? Iwe, mbewu sasunga choncho."

Adandikumbutsa mmene ankachitira. Ngala zabwino za chimanga ankazipachika pamwamba pa moto kukhitchini kuti utsi uziingitsa anankafumbwe. Zina ankatonola, kusakaniza ndi phulusa, n'kutsekera mumtsuko womata pakamwa. Ndipo chaka chilichonse kachitete kamodzi kankapita kwa mng'ono wawo kutsidya kwa mtsinje, nayenso n'kutumiza kake kuno. Nyumba ikapsa, mbewu ili kutsidya. Kutsidya kukasefukira, mbewu ili kuno. Patapita zaka mphwanga adandiuza kuti akatswiri a makompyuta ali ndi lamulo limene amalitcha 3-2-1: chinthu chofunika chikhale pamalo atatu, pazosungira za mitundu iwiri, ndipo chimodzi chikhale kutali ndi nyumba. Ndidamuuza kuti lamulo limenelo ndidalimva kale pamphasa, kwa munthu amene sadapondepo m'kalasi.

Choncho mu 2013 ndidagula disiki ya m'manja ya 500 GB. Inali itadula, pakuti mu Meyi 2012 kwacha idagwa kuchoka pa K168 kufika pa K250 padola imodzi, ndipo katundu yense wamakompyuta amagulidwa ndi madola. Mayi a kunyumba adafunsa, ndipo anali ndi chifukwa, ngati kabokosi kameneko kakuposa malata awiri a pakhitchini. Tidagwirizana kuti khitchini idikira nandolo. Mawu a anganga ndidawaika m'kompyuta, m'disiki imeneyo, ndi pama DVD amene ndidakasiya kwa achemwali ena ku Zomba. Pambuyo pake ndidagula disiki yachiwiri, ndipo ziwirizi zimasinthana: ina ili kuno, ina ku Zomba, ndikapita ndimasiya yatsopano n'kutenga yakale.

Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira pamtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Magetsi ankazima maola ambiri, ndipo kompyuta yapatebulo idasanduka chokongoletsera m'nyumba. Ndidagula laputopu ya kaunjika yoti ndizitchaja ndi sola. Mphwanga adachotsamo hadi disiki n'kuikamo SSD ya 256 GB, ndipo makina okalambawo adayamba kuthamanga ngati mwana. Kwa munthu wa ndalama zochepa, SSD ndi RAM yoonjezera zimaposa kugula laputopu ina. SSD ilibe chozungulira, siopa mabampu a panjinga yamoto, ndipo siidya batire kwambiri. Koma ili ndi khalidwe lake. Hadi disiki ikamadwala nthawi zambiri imadandaula, imachedwa, imalira kuti tche, tche, tche. SSD imatha kugona bwinobwino usiku, m'mawa osadzuka. Chakudza sichiimba ng'oma.

Chidadzadi mu Malichi 2023. Namondwe wa Freddy adagwetsa mvula masiku angapo osakata, mapiri adakhetsa matope ndi miyala ku Blantyre, ku Mulanje, ku Chiradzulu ndi kuno ku Phalombe, ndipo m'dziko muno anthu oposa 1,000 adamwalira kapena kusowa. Ku Nkhulambe anthu adataya abale, nyumba ndi minda usiku umodzi. Pamaso pa zimenezo, kulira makina n'chipongwe, ndipo sindikulira. Ife tidatuluka amoyo tonse, ana ali kumsana, madzi ali m'chiuno. Usiku wotero palibe amene amakumbuka disiki. Titabwerera tidapeza khoma limodzi litagwa, kompyuta ija ya 2011, laputopu ndi disiki ya m'manja zili m'matope pamodzi ndi mabuku ndi ziphaso. Patatha milungu ingapo, misewu itayamba kudutsika, ndidapita ku Zomba. Achemwali adatulutsa kabokosi m'sutikesi, tidakalumikiza pakompyuta ya mwana wawo, ndipo m'chipindamo mudamveka chifuwa cha anganga, kenaka mawu awo akufunsa ngati kafoniko kayamba kumva. Achemwali adatuluka panja, chitenje chili kumaso.

Vutoli si la kumudzi kokha. Mu Disembala 2015 laibulale ya Yunivesite ya Mzuzu idapsa, mabuku zikwizikwi n'kusanduka phulusa, kuphatikizapo zolembedwa za Malawi zovuta kuzipezanso. Ku Zomba kuli nyumba yosungira zakale ya National Archives, imene idakhazikitsidwa mu 1947, ndipo malamulo amafuna kuti buku lililonse losindikizidwa m'dziko muno likasiyidweko. Koma zolemba zambiri za Chichewa, Chilomwe, Chiyao ndi Chitumbuka sizidasindikizidwe. Zili m'malaputopu a aphunzitsi, m'mafoni a achinyamata, m'mafulashi a m'madirowa. Mlembi akamwalira, laputopu imagawidwa pamodzi ndi mipando ndi njinga, wolandirayo n'kuipereka kwa wokonza kuti aiyeretse aikemo mafilimu. Ndi mabuku angati amene tawaika m'manda mwanjira imeneyi, popanda ngakhale nyimbo ya maliro?

Tisaiwalenso kuti mbewu siikhala mumtsuko mpaka kalekale. Imafuna kubzalidwa kuti ipereke ina. Kampani ya Sony idasiya kupanga mafulope mu 2011, ndipo lero amene ali ndi fulope m'dirowa adzayenda mtunda kuti apeze makina oiwerenga. Malaputopu ambiri atsopano alibe polowetsa CD. Ma CD obena amasuluka ndi kutentha, ndipo fulashi kapena SSD yosiyidwa zaka zambiri osalumikizidwa imatha kuyamba kuiwala, chifukwa imasunga zinthu ndi timphamvu ta magetsi timene timatha pang'onopang'ono. Mapulogalamu nawo amakalamba: Microsoft idasiya kusamalira Windows XP mu 2014, Windows 7 mu 2020, ndi Windows 10 mu Okutobala 2025, ndipo makompyuta ambiri a kaunjika sakwanitsa zofuna za Windows 11. Wogula lero afunse zimenezi asanapereke ndalama, makamaka pamene kwacha idagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndipo kulakwitsa kugula kumapweteka chaka chathunthu. Zinthu zofunika ziyenera kusamutsidwira m'chosungira chatsopano pakapita zaka zingapo, ndi kumatsegulidwa kuti tione ngati zili moyo.

Achinyamata amandiuza kuti zonsezi n'zachikale, ndingoponya zonse pa intaneti. Ali ndi mfundo. Google imapereka malo aulere okwana 15 GB, ndipo nthano zonse zimene munthu angalembe moyo wake sizingadzaze ngakhale 1 GB. Nanenso zolemba zanga ndimadzitumizira pa imelo. Koma kumeneko ndi kutsidya kwa mtsinje chabe, si nkhokwe yokhayo ayi. Kumafuna bandulo, kumafuna netiweki, ndipo kumafuna mawu achinsinsi amene, mwini wake akapita osauza munthu, amapita nawo kumanda. Anga ndidawalemba papepala, ali m'envelopu imene mayi a kunyumba ndi mwana wanga woyamba akudziwa pamene ili. Ndipo nthano ikatha ndimaisindikiza papepala, chifukwa pepala silifuna chaja.

Alembi anzanga, tikamapita kukagula tizipita ngati mlimi, osati ngati mwana wokagula switi. Titsegulitse bokosi, tifunse maola, tiyese fulashi, titenge lisiti, ndipo ngati ndalama zilola disiki imodzi yaikulu kapena ziwiri zazing'ono, titenge ziwirizo. Aphunzitsi aja adayambiranso buku lawo, tsopano m'makope a sukulu, ndipo mutu uliwonse ukatha mdzukulu wawo amautayipa n'kuutumiza kwa anthu atatu. Ine ndi mwana wanga wamkazi, amene ali Fomu 3, tayamba kulemba papepala mawu a anganga, mothandizidwa ndi mayi wina wa kutchalitchi wodziwa bwino Chilomwe. Mphindi khumi za kuyankhula zimatitengera madzulo athunthu. Tafika pa ola lachinayi, ndipo mtsikanayo wayamba kundipatsa moni m'chiyankhulo chimene ine bambo wake ndimachita nacho chibwibwi.